Mkwiyo Ukafika pa Maliro: Zimene Mabuku Akale Amatiphunzitsa

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOWULUTSA: Lero tikambirana za mkwiyo, za masautso, ndi za funso lakuti munthu wamakhalidwe amatani zinthu zikathina.

Titsegula mabuku anayi. Awiri ndi a Agiriki akale, limodzi ndi la m'Baibulo, lina ndi la ku Nigeria. Analembedwa m'Chigiriki, m'Chiheberi ndi m'Chingerezi, ndipo kuchokera pa loyamba kufika pa lomaliza papita zaka zoposa 2,500. Chodabwitsa n'chakuti onse anayi akafuna kuyesa mtima wa munthu amamutengera pamalo amodzi: pomwe pali mtembo ndi anamfedwa. Pamenepo ndi pomwe zimaoneka ngati mkwiyo wamudya munthu yense, kapena mwatsalako umunthu.

Tiyambe ndi Iliad, ndakatulo yaitali imene Agiriki amati anaipeka ndi Homer cha m'zaka za m'ma 700 Yesu asanabadwe. Ili ndi mizere yoposa 15,000 yogawidwa m'zigawo 24. Ambiri tikamva za nkhondo ya ku Troy timakumbukira kavalo wamatabwa amene asilikali anabisalamo, koma Iliad imatha nkhani ya kavaloyo isanachitike. Nkhondoyo inatenga zaka 10, komabe Homer anangosankhapo masabata owerengeka a m'chaka chomaliza, ndipo mutu wake anaulengeza pachiyambi penipeni: mkwiyo wa Achilles ndi imfa zimene unadzetsa pakati pa Agiriki anzake.

Zinayamba chonchi. Mkulu wa ankhondo onse a Agiriki, Agamemnon, anali atagwira mtsikana wina dzina lake Chryseis, mwana wa wansembe wa mulungu wawo Apollo. Bambo a mtsikanayo anabwera ndi chuma kudzamuwombola, koma Agamemnon anawapirikitsa mwachipongwe. Mliri unagwa mumsasa, ziweto ndi anthu n'kumafa masiku 9. Mlosi Calchas ataulula kuti gwero la mliriwo ndi chipongwe chija, Agamemnon analola kubweza mtsikanayo, koma anati iye sangatsale chimanjamanja. Analanda Briseis, mkazi amene ankhondo anapatsa Achilles ngati mphotho, ndipo analengeza zimenezi gulu lonse likumva.

Tisafulumire kumuweruza Achilles, chifukwa analakwiridwadi. Wokhetsa thukuta kunkhondo anali iye, wodyerera anali wina. Homer akutionetsa dzanja lake litagwira lupanga, lupangalo litayamba kale kusololoka m'chimake, mpaka mulungu wamkazi Athena anamugwira tsitsi chakumbuyo. Tisaiwalenso Briseis mwiniwake, amene amuna awiriwa ankamulimbirana ngati katundu. Mwamuna wake ndi alongo ake atatu anaphedwa pamene Achilles yemweyo ankagwetsa mzinda wa kwawo, koma panalibe womufunsa maganizo.

Achilles anabweza lupanga, n'kunyanyala nkhondo. Kenako anapempha amayi ake, mulungu wamkazi Thetis, kuti akachonderere Zeus, mkulu wa milungu yawo, kuti Agiriki azigonja mpaka adzazindikire kufunika kwake. Tamvani zimenezo, omvera: walakwa ndi mmodzi, koma pemphero lapita pa anzake onse a msasa umodzi, anthu amene sanamulande kanthu.

Agiriki atapanikizidwa mpaka m'mphepete mwa nyanja pomwe panali zombo zawo, Agamemnon anatuma anthu atatu kukapepesa: Odysseus, Ajax ndi nkhalamba Phoenix, amene analera Achilles kuyambira ali mwana. Chipepeso chake chinali chosasimbika: golide, akavalo 12 aliwiro, mizinda 7, mwana wamkazi wa Agamemnon woti amukwatire, ndi Briseis yemwe. Phoenix analankhula misozi ili m'maso. Anamukumbutsa mmene ankamukhazikira pamwendo n'kumamudulira nyama, mwanayo n'kumamulavulira vinyo pamalaya. Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto uwu unalumpha dambo. Achilles anakana zonse.

Wolipira kukana kumeneko anali bwenzi lake lapamtima, Patroclus. Ataona anzawo akutha, anabwereka zida za Achilles n'kulowa m'nkhondo, ndipo Hector, mwana wa Priam mfumu ya ku Troy, anamupha. Uthenga utafika, Achilles anatapa phulusa ndi manja onse awiri n'kudzithira kumutu, n'kumagubuduzika m'fumbi. Mkwiyo umene anaulunjikitsa kwa Agamemnon sunamukhudze Agamemnon. Unakagwera munthu amene ankadya naye mbale imodzi.

Mwina mukuganiza kuti apa anaphunzirapo kanthu. Ayi, mkwiyo unangosintha kolowera. Anathamangitsa Hector kuzungulira linga la mzinda katatu. Asanamenyane, Hector anapempha pangano limodzi lokha, lakuti wopambana adzabweze mtembo wa mnzake kwa abale ake. Achilles anakana. Atamupha, anaboola mapazi ake chakuchidendene, n'kulowetsamo zingwe zachikopa, n'kumangirira kugaleta, mutu ukukwekwerezeka m'dothi, bambo ake ndi amayi ake akuonerera pamwamba pa linga. Pa maliro a Patroclus anapha anyamata 12 a ku Troy amene anawagwira amoyo. Ndipo m'mawa uliwonse ankakoka mtembo wa Hector kuzungulira manda a bwenzi lake katatu. Koma tulo sankatiwona. Kubwezera konseko sikunamuchotsere chisoni ngakhale pang'ono.

Tsopano tafika pa chigawo chomaliza, chimene chachititsa kuti ndakatuloyi iziwerengedwabe mpaka lero. Usiku, nkhalamba Priam anakweza chuma pangolo yokokedwa ndi nyulu, natenga wantchito mmodzi wokalamba, kulowera kumsasa wa adani. Analowa Achilles atangomaliza kudya. Mfumu yonseyo inagwada, n'kugwira mawondo a Achilles, n'kupsompsona manja omwe anapha ana ake. Sanatchule milandu, sanaopseze. Anangomupempha kuti akumbukire bambo ake omubala, Peleus, nkhalamba ngati iye, amene akudikira mwana wake kutali.

Achilles analira. Wina akulira Hector, wina akulira bambo ake ndi Patroclus, mumsasa monse munamveka kulira kwa adani awiri. Kenako analamula akazi antchito kuti asambitse mtembo ndi kuudzoza mafuta chapoteropo, kuti Priam angauone n'kupsa mtima. Iye mwini anaunyamula n'kuugoneka pamachira. Anapha nkhosa, nadya ndi mlendo wakeyo, ndipo anamufunsa kuti akufuna masiku angati a maliro. Anagwirizana zoti nkhondo iime masiku 11.

Homer sananame kuti Achilles wasanduka munthu wofatsa. Ngakhale usiku womwewo anachenjeza Priam kuti asamupute. Ukali unalipobe, koma ulendo uno anaugwira m'malo moti iwo umugwire. Ndakatulo ya nkhondoyi imathera pa maliro a mdani Hector, akazi atatu akutsogolera kulira: Andromache mkazi wake, Hecuba amayi ake, ndi Helen mlamu wake.

(Nyimbo yofatsa kwa kanthawi.)

WOWULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za mkwiyo, masautso ndi makhalidwe m'mabuku akale. Mu Iliad taona msilikali, ngwazi yankhondo, akukaniza mdani wake maliro. Nanga wokanizayo akakhala mfumu, lamulo lili m'manja mwake? Limenelo ndi funso la Antigone, sewero la Sophocles limene linaonetsedwa ku Athens cha m'ma 441 Yesu asanabadwe.

Nkhani ikuchitikira mumzinda wa Thebes. Abale awiri a mimba imodzi, Eteocles ndi Polyneices, analimbirana ufumu. Polyneices anabwera ndi ankhondo akunja kudzathira nkhondo mzinda wakwawo, ndipo awiriwo anaphana. Ufumu unapita kwa Creon, mlongo wa amayi awo. Kwa ife Achewa ameneyo ndi malume, mwini mbumba, munthu woyamba kuyendetsa mwambo mwana wa mlongo wake akamwalira. Koma Creon analamula kuti Eteocles aikidwe mwaulemu, Polyneices asiyidwe pamtetete kuti agalu ndi mbalame zimudye, ndipo aliyense womuika aponyedwe miyala.

Creon anali ndi mfundo zake. Mzinda unali utangopulumuka kumene, ndipo iye ankati woukira dziko sangalemekezedwe mofanana ndi wolitchinjiriza. Nelson Mandela analemba kuti akaidi a ku Robben Island atachita seweroli, iye ndiye anasewera mbali ya Creon, ndipo anaona mwa mfumuyi mtsogoleri amene anayamba ndi mawu anzeru koma n'kulephera kumvera anthu. Sewero la The Island, limene Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapeka mu 1973, likunenanso za akaidi awiri akukonzekera kuonetsa Antigone m'ndende ya tsankho.

Antigone, mlongo wa omwalirawo, anakana kusiya mlongo wake panja. M'bale wake Ismene anachita mantha, choncho anapita yekha n'kukawaza dothi pamtembo. Alonda analisesa dothilo n'kukhala pachitunda kumayang'anira. Dzuwa lili paliwombo kunabwera chimphepo cha fumbi, ndipo chitatha anamuona mtsikanayo akulira, akutapanso dothi ndi manja, akuthira nsembe katatu kuchokera mumtsuko wamkuwa. Atamufikitsa kwa mfumu sanakane. Ananena kuti pali malamulo osalembedwa, akale kuposa mfumu ina iliyonse, ndipo lamulo la munthu silingawafafanize.

Kuyambira pamenepo Creon sankatetezanso mzinda, ankateteza ulemu wake. Chinamuwawa kwambiri n'chakuti womutsutsayo ndi mkazi. Mwana wake Haemon, amene anali pachitomero ndi Antigone, anabwera mwaulemu kudzamuuza kuti anthu mumzinda akunong'onezana kuti mtsikanayo sanalakwe. Creon anamutcha kapolo wa mkazi. Analamula kuti Antigone atsekeredwe wamoyo m'phanga. Mlosi wakhungu Tiresias anabwera kudzanena kuti nsembe zaleka kuyaka chifukwa mbalame ndi agalu zadetsa maguwa ndi minofu ya mtembo uja. Creon anati mlosiyo wadya ziphuphu. Womwalira anamusunga kunja, wamoyo anamuika m'manda: dongosolo lonse la dziko analitembenuza chadodolido.

Anadzasintha maganizo, koma mochedwa. Pofika kuphanga anapeza Antigone atadzimangirira ndi nsalu. Haemon anadzibaya bambo ake akuona. Mkazi wa Creon, Eurydice, atamva za mwana wake anadziphanso. Mfumu imene inakaniza maliro amodzi inatsala ndi maliro atatu pakhomo pake.

Sophocles sanamupange Antigone kukhala mngelo. Anali wouma mtima, ndipo Ismene atafuna kufa naye limodzi anamukankha ndi mawu owawa. Komabe sewero likuonetsa poyera kuti mkwiyo wa wolamulira ndi woopsa koposa, chifukwa umavala chovala cha lamulo ndipo anthu amaopa kuutchula dzina lake.

(Nyimbo yofatsa kwa kanthawi.)

WOWULUTSA: Tsopano titembenukire ku masautso, ndipo buku lake ambiri muli nalo m'nyumba: Yobu. Kaya ndinu wachipembedzo chanji, bukuli, la mitu 42, ndi imodzi mwa ndakatulo zazikulu za dziko lapansi, ndipo Asilamu nawonso amamudziwa munthuyu monga mneneri wopirira.

Yobu wa dziko la Uzi anali ndi ana aamuna 7 ndi aakazi 3, nkhosa 7,000 ndi ngamira 3,000. Zonse zinatha tsiku limodzi. Wolemba anakonza nkhaniyi mwaluso: wamthenga wina asanatseke pakamwa, wina wafika kale ndi uthenga woipa kuposa woyamba. Ng'ombe zalandidwa, nkhosa zapsa, ngamira zatengedwa, ndipo pomaliza chimphepo chagwetsera nyumba pa ana onse 10. Kenako zilonda zinamutuluka kuyambira kuphazi mpaka kumutu, iye n'kukhala paphulusa, akudzikanda ndi phale.

Anzake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anabwera kudzamupepesa. Atamuona chapatali sanamuzindikire. Analira, n'kukhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu. Aliyense amene anagonapo pasiwa akudziwa kuti kumeneko ndiye kukhuza kwenikweni. Akanangonyamuka tsiku la chisanu ndi chitatu n'kubwerera kwawo, bwenzi lero tikuwatchula ngati chitsanzo cha ubwenzi.

Zinasokonekera Yobu atatsegula pakamwa. Ambiri timangodziwa Yobu wopirira wa m'mitu iwiri yoyamba, koma kuyambira mutu 3 akutemberera tsiku limene anabadwa, akufunsa chifukwa chake oipa amakalamba ali pamtendere, akufuna kuonana ndi Mulungu pabwalo la milandu. Anzake aja sanathe kupirira mawu otere. Iwo ankakhulupirira kuti wabwino amadalitsidwa, woipa amalangidwa, basi. Tsono poti Yobu akuvutika, ndiye kuti pali chimene anachita. Bilidadi anafika ponena kwa bambo wofedwa kuti mwina ana akewo anafera machimo awo. Mu mutu 22 Elifazi akuchita kumupekera milandu, kuti ankamana madzi otopa ndi kubweza akazi amasiye chimanjamanja, pomwe panalibe umboni ngakhale umodzi.

N'chifukwa chiyani anthu abwinobwino anachita nkhanza chotere? Anali ndi mantha. Ngati tsoka lingagwere munthu wosalakwa, ndiye kuti nawonso lingawagwere. Kunali kosavuta kumupezera Yobu mlandu kusiyana ndi kuvomereza kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mulungu atayankha m'kamvuluvulu sanamufotokozere Yobu chifukwa cha mavuto ake. Anamufunsa za maziko a dziko, za kumene kumachokera chipale, za nthawi yoswa ya mbuzi zakuthengo, za nthiwatiwa ndi kavalo. Koma mu mutu 42 muli chigamulo chimene tisachidumphe. Mulungu anakwiyira Elifazi ndi anzake awiri, kuti sananene zoona za iye monga anachitira Yobu. Wodandaula uja ndiye analungamitsidwa, odziyesa oteteza Mulungu ndiwo anafunika kupemphereredwa, ndipo wowapempherera anali Yobu yemwe anamunyoza. Kenako abale ake ndi alongo ake anabwera, anadya naye, aliyense n'kumusiyira ndalama ndi mphete yagolide. Chimene wovutika ankasowa chinali chimenecho.

Phunziro ili likutikhudza kuno kwathu. Kangati timamva kuti mwana wamwalira mwadzidzidzi, manda asanakumbidwe n'komwe, anthu aloza kale chala agogo ena kuti ndiwo amulodza? Nkhalamba zamenyedwa, zina zaphedwa, nyumba zawo kutenthedwa. Maganizo ake ndi omwe aja a anzake a Yobu, akuti tsoka lililonse liyenera kukhala ndi mwini wake, kungoti apa agwirizana ndi mkwiyo wa chigulu. Buku la Yobu linalembedwa kuti litsutse bodza limeneli.

(Nyimbo yofatsa kwa kanthawi.)

WOWULUTSA: Buku lathu lomaliza ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe, limene linatuluka mu 1958 ndipo lamasuliridwa m'zinenero zoposa 50. Likunena za Okonkwo, wa mtundu wa Igbo, wa kudera la Umuofia, m'nthawi imene amishonale ndi boma la Britain ankalowa m'dzikomo. Muno mkwiyo ndi masautso zakumana mwa munthu mmodzi.

Okonkwo anakula movutika. Bambo ake, Unoka, anali woimba chitoliro, wangongole, ndipo anamwalira osasiya nkhokwe kapena udindo. Mnyamatayo anakabwereka mbewu 800 za zilazi kwa munthu wolemera, Nwakibie, koma chaka chimenecho dzuwa linawotcha mbewu zoyamba, kenako mvula yosalekeza inawoletsa zotsala. Anapirira, n'kudzakhala mlimi wamkulu, katswiri wogwetsana, mwamuna wa akazi atatu. Pamenepa ndi woyenera ulemu. Koma mavuto aja anamusiyira chilonda: ankaopa kufanana ndi bambo ake, ndipo chilichonse chofatsa ankachiona ngati ulesi. Achebe akunena mosabisa kuti pansi pa ukali wa Okonkwo panali mantha.

Anamenya mkazi wake wamng'ono, Ojiugo, m'sabata yopatulika ya mtendere, chifukwa chochedwa kuphika. Koma chachikulu ndi nkhani ya Ikemefuna, mnyamata amene mudzi wina unapereka ngati dipo la mlandu. Anakhala pakhomo pa Okonkwo zaka 3, akumutcha bambo, ali ngati mkulu wake wa Nwoye, mwana woyamba wa Okonkwo. Atalamula a kukachisi kuti mnyamatayo aphedwe, nkhalamba Ezeudu anabwera mwakachetechete kudzamuchenjeza Okonkwo kuti asaikepo dzanja, poti mwanayo amamutcha bambo. Iye anapita nawo ndithu. M'nkhalango, Ikemefuna atasenza mtsuko wa mowa pamutu, munthu wina anamutema, mtsuko n'kusweka. Mwanayo anathawira kwa Okonkwo akuitana bambo ake, ndipo Okonkwo anasolola chikwanje n'kumumaliza, kuopa kuti anzake angamuyese wofooka. Masiku awiri sanadye. Bwenzi lake Obierika, amene anakana kupita nawo, anamuuza maso ndi maso kuti zimene wachitazo n'zowononga banja.

Pa maliro a Ezeudu yemwe uja, mfuti ya Okonkwo inaphulika n'kupha mwana wa malemuyo wa zaka 16. Anathamangitsidwa zaka 7, n'kupita kwawo kwa amayi ake ku Mbanta. Kumeneko tikukumana ndi malume wosiyana kwambiri ndi Creon. Uchendu anamulandira, n'kumupatsa malo omangapo ndi minda. Ataona kuti mwana wa mlongo wakeyo wangokhala ndwii, anasonkhanitsa banja n'kumuuza kuti si iye yekha wovutika padziko, pakuti iye mwini anaika m'manda ana 22 koma akadali moyo. Uchendu mavuto anamufewetsa mtima, Okonkwo anamuumitsa. Masautso paokha saphunzitsa munthu khalidwe. Zimatengera kuti mwini wake wawalandira bwanji.

Nwoye, amene mtima wake unasweka tsiku limene Ikemefuna anaphedwa, anakopeka ndi nyimbo za Akhristu. Bambo ake atamva anamugwira pakhosi n'kumukwapula, ndipo mwanayo anachoka osabwereranso. Okonkwo pobwerera ku Umuofia anapeza tchalitchi, khoti ndi ndende. Anthu a ku Umuofia atagwetsa tchalitchicho, bwana DC wachizungu anaitana atsogoleri 6, kuphatikizapo Okonkwo, ngati kuti akukakambirana, n'kuwamanga maunyolo. Amesenjala anawameta mipala ndi kuwakwapula. Apa mkwiyo wa Okonkwo unali ndi chifukwa chomveka, ndipo Achebe sakuchepetsa nkhanza za atsamunda. Pamsonkhano wa mudzi, amesenjala atabwera kudzaubalalitsa, Okonkwo anadula mutu wa mkulu wawo. Anayang'ana anthu ake, n'kuona kuti amesenjala enawo awalola kuthawa. Anapukuta chikwanje pamchenga n'kuchoka.

Anakamupeza atadzimangirira pamtengo kuseri kwa nyumba yake. Mwambo wa Umuofia sunkalola abale kukhudza mtembo wa munthu wodzipha, choncho Obierika anachita kupempha anthu a bwana DC kuti autsitse ndi kuuika. Munthu amene moyo wake wonse ankafuna ulemu wa mtundu wake anaikidwa ndi alendo, ndipo mzungu uja ankangoganiza kuti nkhaniyi ikwana ndime imodzi m'buku limene ankalemba. Hector, mdani, analiridwa masiku 9 ndi mzinda wonse. Okonkwo, ngwazi ya kwawo, panalibe m'bale womugwira.

(Nyimbo ikwere pang'ono, kenako itsike.)

WOWULUTSA: Omvera, mabuku anayiwa sakutiuza kuti kukwiya konse n'kulakwa. Achilles ananyozedwadi, Antigone anaona chosalungama chenicheni, Yobu anali ndi chifukwa chodandaulira, Okonkwo anachititsidwa manyazi ndi atsamunda. Munthu wosakwiya poona nkhanza ndiye kuti chikumbumtima chake chagona. Chimene alembiwa akutifunsa n'chakuti mkwiyowo ukugwera ndani, ndipo udzaima pati. Wa Achilles unapha Patroclus, wa Creon unapha Haemon, wa Okonkwo unapha Ikemefuna ndi kuthamangitsa Nwoye. Nthawi zonse woyamba kupsa ndi wapafupi.

Onaninso kuti aliyense wa anthuwa anatumiziridwa womuchenjeza nthawi ikadalipo: Phoenix, Haemon, Tiresias, Ezeudu. Palibe amene anagwa m'mbuna mosadziwa. Ndipo mwa onsewo, amene anabwererako anali Achilles yekha, pamene anaona nkhope ya bambo ake pankhope ya mdani wake. Makhalidwe amene mabukuwa akuphunzitsa agona pamenepo: kuzindikira kuti wolirayo, ngakhale ali wa mbali ina, akumva kuwawa komwe inu mumamva.

Choncho ndikupempheni. Inu mafumu ndi akuluakulu a mabanja, mkangano wa malo, wa chipani kapena wa mpingo usafike pokaniza munthu manda. Inu amene mukupita kukakhuza maliro sabata ino, kakhaleni pansi ndi anamfedwa, musakawapezere mlandu, ndipo wina akayamba kuloza chala nkhalamba, mukhale oyamba kumuletsa. Inu abambo, ana anu asamakudziweni ndi ukali wokha. Aphunzitsi, pophunzitsa mabuku otere musalekere pa mayina ndi zaka zoti ana aloweze pamayeso. Afunseni kuti iwo akanatani akanakhala Ismene, Haemon kapena Obierika. Ndipo inu achinyamata, pitani ku laibulale yapafupi mukafunse mabukuwa. Buku la Yobu yambani usiku uno, ndipo muliwerenge lonse mpaka mutu 42.



(Nyimbo yotsekera.)